Mwana wanga akufuna kudzakhala ngati Taís Araújo

FUNSO: Ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala ku Ulongwe m'boma la Angónia, ndipo ndimagulitsa mbatata ya kachewere pamsika. Mwana wanga wamkazi wa zaka 16 sagona asanaonere novela (sewero la pa kanema lopitirira tsiku ndi tsiku) ya ku Brazil, ndipo tsopano akunena poyera kuti akufuna kudzakhala wochita zisudzo za pa kanema ngati Taís Araújo. Bambo ake akuti zimenezi n'zolowerera. Kodi Taís ameneyu ndani, ndipo mwanayu ndimuletse kapena ndimusiye?

YANKHO: Amayi, mwachita bwino kuyamba mwafunsa musanaweruze, chifukwa munthu amene mwana wanu akumusirirayo ali ndi mbiri yoyenera kuidziwa yonse, osati madiresi okha amene amaoneka pa kanema.

Taís Araújo anabadwa pa 25 Novembala 1978 mumzinda wa Rio de Janeiro. Anatchuka mu 1996 ali ndi zaka 17 zokha, pamene wailesi yakanema ya Manchete inamusankha kuti atsogolere novela ya Xica da Silva, yonena za mkazi amene anali kapolo m'dera la migodi ya dayamondi ku Minas Gerais m'zaka za m'ma 1700. Chinali chinthu chachikulu, pakuti ngakhale anthu oposa theka a ku Brazil ndi akuda kapena osakanizika mitundu, akazi akuda pa kanema ankapatsidwa kawirikawiri mbali ya wantchito wam'nyumba woonekera pang'ono kukhitchini. Mu 2004 wailesi yakanema ya Globo inamupatsa mbali yaikulu mu novela ya Da Cor do Pecado, momwe anali Preta, mtsikana wa ku Maranhão wogulitsa pamsika monga momwe mumachitira inumu.

Komabe ulendo wake sunali wosalala, ndipo mbali imeneyi ndiyo ndikufuna kuti mukamufotokozere mwanayo mofatsa. Mu novela yoyamba ija, atangokwanitsa zaka 18, anamujambula ali wosavala, ndipo iye mwini atakula analankhula poyera za nkhanza zimene anakumana nazo pantchitoyo ali wamng'ono. Choncho nkhawa ya bambo ake si yopanda maziko, ndipo musaipeputse. Mu 2009 anatsogolera Viver a Vida, novela ya nthawi ya usiku imene anthu ambiri amaonera, koma oonera ndi olemba nkhani anamudzudzula kwambiri. Anadzukanso mu 2012 ndi Cheias de Charme, momwe anasewera ngati Penha, wantchito wam'nyumba amene anasanduka woimba. Mu 2015 anthu anamunyoza pa Facebook chifukwa cha khungu ndi tsitsi lake, ndipo m'malo mobisala iye anakapereka nkhaniyo kupolisi. Chaka chomwecho anayamba kusewera mu Mister Brau pamodzi ndi mwamuna wake Lázaro Ramos, amene wabereka naye ana awiri.

Pali chinthu china chimene atsikana ambiri omusirira sachidziwa, ndicho chakuti Taís, atatchuka kale ndi kuyamba kulandira ndalama zake, anaphunzira utolankhani kuyunivesite mpaka kumaliza. Ine ndikuona kuti apa ndi pamene inu, bambo ake ndi mwanayo mungagwirizanirepo.

Maganizo anga ndi akuti musamuletse. Kwathu kuno ndi kwa gule ndi nthano, ndipo mwana amene amatha kuimirira pamaso pa anthu n'kuwaseketsa kapena kuwaliritsa ali ndi mphatso imene sitiyenera kuipondereza. Koma muuzeni kuti kuonera novela si kuphunzira zisudzo, monganso kudya nsima sikuphunzitsa munthu kupalira chimanga. Ngati akufunadi, alowe m'gulu la zisudzo la kusukulu kapena la achinyamata akutchalitchi, aloweze mawu, azipita kokonzekera ngakhale tsiku limene watopa, ndipo ayesenso masewero a pa wailesi, pakuti nthambi ya Rádio Moçambique ya ku Tete imaulutsa m'Chinyanja, ndipo pa wailesi mawu okha ndiwo amagwira ntchito, nkhope siithandiza. Pakatha chaka mudzadziwa ngati chili mumtima mwake ndi ntchitoyo kapena kutchuka chabe.

Sukulu asaisiye. Chipwitikizi chake chikhale chakuthwa powerenga ndi polankhula, koma asachite manyazi ndi chilankhulo chakwawo. Akamaliza kalasi 12, ku Maputo kuli sukulu ya Escola de Comunicação e Artes ya Universidade Eduardo Mondlane kumene amaphunzitsa zisudzo mpaka digiri, ndipo mumzinda womwewo muli gulu la Mutumbela Gogo limene linakuza Lucrécia Paco, mmodzi mwa akazi odziwika kwambiri pa zisudzo m'dziko lathu lino. Ndikuuzeninso mosabisa kuti makampani opanga mafilimu ku Mozambique ndi ochepa ndipo ambiri ali ku Maputo, kotero ochita zisudzo ochuluka amadaliranso ntchito ina kuti apeze chakudya.

Pa nkhani ya chitetezo chake pokha ndipo musafewe. Munthu aliyense womulonjeza mbali mu filimu, kaya pafoni kaya pa intaneti, amene akufuna ndalama kapena zithunzi za thupi lake, mumukane nthawi yomweyo. Akaitanidwa kukayesedwa ku Tete kapena kwina kulikonse asanakwanitse zaka 18, mutseke benchi lanu tsiku limenelo, mukwere naye basi ndipo mukakhale m'chipinda momwemo.