Mukufuna kujambula gule ndi nyimbo za agogo? Yambani chonchi

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Dedza amene akugwira ntchito ku Johannesburg. Mwachidule anati: "Ndikubwera kumudzi mu Ogasiti. Agogo anga aakazi akalamba, ndipo nyimbo zawo za pamtondo palibe mdzukulu amene akuzidziwa. Ndagula foni yabwino. Ndikufuna kujambula nyimbo, nthano ndi gule wamkulu n'kuziika pa Facebook ndi YouTube kuti ana athu obadwira kuno aziona. Ndiyambire pati, ndipo kodi sindilakwira makolo?"

Achimwene, funso lanu landikhudza, makamaka gawo lomalizalo. Ambiri amangofika pabwalo foni ili m'mwamba osafunsa aliyense.

Yambani ndi agogo, gule abwere pambuyo. Gule wamkulu ali ndi eni ake, ali ndi mizinda ndi madambwe, ndipo anyamata akulowabe chaka ndi chaka. Dziko lonse likumudziwa: UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, inamulengeza mu 2005 ngati chuma cha anthu onse, n'kumulemba pa mndandanda wake mu 2008, m'dzina la Malawi, Zambia ndi Mozambique. Koma nyimbo ya pamtondo ya agogo anu ilibe dambwe loisunga. Inkakhala moyo chifukwa amayi ankakonola ndi kutibula chimanga pamodzi, awiri kapena atatu pa mtondo umodzi, misi ikusinthana. Chigayo chitafika, ntchito ija inachepa, nyimbo nazo n'kumazilala mwakachetechete. Munali m'nyimbo zimenezi momwe mkazi ankadandaulira za mwamuna woledzera, za apongozi ovuta kapena za mkazi mnzake wa pamitala, mosatchula dzina koma mudzi wonse n'kumva.

Choncho musawakhazike agogo pampando n'kunena kuti "imbani". Adzachita manyazi, kapena adzakuimbirani ya kutchalitchi. Pemphani azakhali atulutse mtondo, muthiremo chimanga, muitane anzawo awiri a msinkhu wawo. Musi ukayamba kugunda, mawu amabwera okha, chifukwa nyimbozo zimakumbukika ndi thupi. Chimodzimodzi nthano: dikirani usiku, moto uyake, ana akhalepo oti ayankhe "tilitonse" agogo akati "padangokhala". Nthano yopanda woyankha imafera m'kamwa.

Ine ndinalakwitsa pamenepa, ndipo zimandiwawabe. Ndinajambula azakhali anga akuimba nyimbo zinayi, ndinasangalala, n'kubwerera kutauni. Sindinawafunse tanthauzo. Atamwalira ndinamvetseranso, ndipo m'nyimbo imodzi muli mawu awiri amene palibe wa m'banja mwathu akuwamasulira. Inu mukatha nyimbo iliyonse, musazimitse foni. Funsani: anakuphunzitsani ndani, munkaimba nthawi yanji, mawu awa akutanthauzanji, munkanena yani? Lembani m'kope dzina la woimba, mudzi, mfumu ndi tsiku. Nthawi zambiri macheza obwera pambuyo pa nyimbo ndi amene amalemera kuposa nyimboyo.

Tsopano za gule. Mwezi umene mwasankha ndi wabwino, chifukwa anthu amakhala atakolola ndipo miyambo ya chinamwali, ziliza ndi kulonga ufumu imachuluka. Koma musapite pabwalo musanaonane ndi amfumu, ndipo mupite ndi malume anu kapena wamkulu wina wa pamudzi, muli ndi kangachepe m'manja. Nenani poyera kuti mukufuna kuika zithunzizo pa intaneti, pamene aliyense adzaziona, wolowa ndi wosalowa yemwe. Akakana, mverani. Akalola, funsani malire ake.

Malirewo ndi odziwika. Zimene zikuchitika pabwalo, pamaso pa amayi oimba ndi ana, ndi za anthu onse. Za kudambwe ndi za kumanda si za foni. Musajambule chilombo chikukonzeka, musaulule amene ali kuseri kwa nkhope, ngakhale mutamuzindikira ndi kayendedwe. Zomwezo ndi za kutsimba: anamkungwi ali ndi nyimbo zoimba poyera ndi zina zongomva anamwali. Ena amati kubisa kumeneku n'kumene kukupha chikhalidwe. Ine sindivomereza. Chinsinsi ndi mbali ya mwambowo, ndipo mukachivula mumatsala ndi chisudzo chabe.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi mavidiyo a masekondi makumi awiri, chilombo chikugudubuka m'fumbi, pansi pake anthu n'kumaseka kapena kutukwana. Woonera sauzidwa kuti Kasiyamaliro ndi mayi wa zilombo, wolemekezeka pa maliro, kapena kuti Chadzunda ndi tate, wotsimphina ngati nkhalamba koma waulamuliro. Sauzidwa kuti Simoni wa nkhope yofiira ndi Maliya anabadwa pamene Achewa ankayang'ana azungu ndi amishoni n'kuwayankha kudzera m'gule. Chilombo chilichonse chili ndi nyimbo yake ndi mwambo umene chikuphunzitsa. Mukaika vidiyo, lembani mawu a nyimboyo ndi chimene ikulangiza, monga akuuzirani eni ake. Ndipo musaiwale oimba ng'oma. Yandikirani pamene akuwamba zikopa pa moto wa udzu n'kumata phula pakati, mumve momwe mbalule, ng'oma yotsogolera, imalankhulira ndi mapazi a wovina. Luso limenelo ndi la zaka zambiri, koma kamera kawirikawiri imawapatsa msana.

Popeza ndinu wa ku Dedza, muli ndi mwayi. Tsikirani ku Mua mukaone Kungoni Centre of Culture and Art, imene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. Ku Chamare Museum kumeneko kuli nkhope za gule mazanamazana, zosungidwa pamodzi ndi matanthauzo ake, ndipo mukaona momwe ntchito yofunsa ndi kulemba imachitikira modekha. Pitaninso ku Chongoni, kumene kuli malo 127 a zojambula za pamiyala, olembedwa ndi UNESCO mu 2006. Zina mwa zojambula zoyerazo n'zokhudza nyau ndi chinamwali. Ngati tchuthi chilola, kumapeto kwa Ogasiti kuli mwambo wa Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, kumene mafumu a Achewa a maiko atatu amakapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi.

Za kasungidwe ndinene mwachidule. Foni imabedwa, imagwera m'madzi, ndipo tsamba la Facebook litha kutsekedwa. Koperani zonse pa kompyuta ndi pa memori khadi ziwiri, imodzi ikhale kwa m'bale wina.

Musanakwere basi yobwerera ku Joni, sonkhanitsani anthu madzulo muwaonetse zimene mwajambula. Agogo adzimve okha akuimba, ndipo akati "iyo ayi, musaitulutse", ichotseni pa zimene mukaike poyera. Siyani khadi imodzi kwa amfumu kapena kwa aphunzitsi a pasukulu ya pamudzipo. Vidiyo ikadzabweretsa kandalama, gawo lipite kwa oimba ndi ovina. Ndipo pa tsiku la mtondo lija, ikani mdzukulu wamkazi mmodzi pambali pa agogo, musi uli m'manja, aziyankha nyimbo mpaka ataigwira. Mukabwerako mundilembere, ndikufuna kumva kuti agogo anayamba ndi nyimbo iti.