Kamfuti kakang'ono si ka munthu woyamba kumene

Imelo ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wakwathu amene wakhalitsa ku Johannesburg, komwe ali ndi shopu yosoka zovala. Mwachidule akuti: "Achimwene, akuba anatithyolera kawiri chaka chatha. Ndaganiza zogula mfuti ya m'manja, koma chibadwire sindinaigwirepo. Wogulitsa wina wandisonyeza kamfuti kokwana m'chikwama, akuti n'koyenera akazi. Nditenge kameneko?"

Achemwali, pepani ndi chipsinjocho. Kamfutiko kasiyeni kaye pa shelefu, ndifotokoza chifukwa chake. Koma tiyambe ndi mapepala, poti ambiri a ife kuno ku Joni timapunthwa pamenepo tisanafike n'komwe kwa wogulitsa.

Lamulo loyendetsa mfuti kuno ndi Firearms Control Act ya chaka cha 2000. Musanapemphe laisensi mumayenera kukhala ndi chiphaso chosonyeza kuti ndinu woyenera kusunga mfuti, chomwe amati competency certificate. Chimafuna munthu wa zaka 21 kapena kuposerapo, amenenso ndi nzika ya South Africa kapena ali ndi chilolezo chokhala kuno mpaka kalekale. Chilolezo chongogwirira ntchito sichikwanira. Simunanene kuti muli ndi chiti, ndiye fufuzani zimenezo musanawononge ndalama. Ngati mulibe, wina asakunyengeni ndi mfuti yamseri: kupezeka nayo kungakutsekeretseni mpaka zaka 15.

Ngati mapepala ali bwino, mumakaphunzira kwa aphunzitsi ovomerezeka, kulemba mayeso a lamulo, kuwombera iwo akuona, kenako n'kukapereka fomu ya SAPS 517 kupolisi ya kudera kwanu, komwe amakudindani zala. Chiphaso chikatuluka mumalipira mfuti, koma imatsala kwa wogulitsa pamene fomu ya SAPS 271 yopempha laisensi ikuyenda. Zonsezi zimadya miyezi. Ndipo laisensi yodzitetezera, ya ndime 13 ya lamulo lija, imalola mfuti imodzi yokha, kwa zaka 5. Mukasankha mwa maso, kusintha kwake n'kuyambiranso mzere uja.

Tsono za kamfutiko. Anthu amaganiza kuti mfuti ikachepa ndiye kuti ndi yofatsa. Ayi ndithu. Chipolopolo cha 9mm chimaphulika ndi mphamvu yofanana kaya chili mu mfuti yaikulu kapena yaing'ono. Yolemera imameza gawo la mphamvuyo, pamene yopepuka imaitula yonse m'dzanja lanu. Chogwirira chake n'chachifupi, chala chakumapeto chimangolendewera. Tizizindikiro toyang'anira tili pafupipafupi, moti dzanja likanjenjemera pang'ono chabe chipolopolo chapita kwina. Sipuling'i yakenso nthawi zambiri imakhala yolimba, kukoka slide (chitsulo chapamwamba pa mfuti chomwe mumakokera kumbuyo kuti chipolopolo chilowe mu mpope) kumavuta.

Ine ndinaphunzira ndi dzanja langa. Tsiku loyamba ku range, malo oyeserera kuwombera, mnzanga anandipatsa kavolovolo kake ka .38 Special, ka mpope waufupi, kolowa zipolopolo 5. Pepala loti ndiliwombere linali pa mamita 7 okha. Nditawombera koyamba ndinamva ngati wina wandimenya ndi mthiko pakati pa chala chachikulu ndi cholozera. Kachiwiri ndinali nditatsinzina kale mfuti isanalire, dzanja likugwera pansi lokha podikira ululu. Pa zipolopolo 5 zija, pa pepala panapezeka bowo limodzi, kumunsi kwenikweni. Mphunzitsi amene anaima pambali anangomwetulira, n'kundipatsa mfuti yaikulu yachitsulo. Inali yolemera, koma inangondigwedeza pang'ono, ndipo mabowo anayamba kuyandikana. Chizolowezi chotsinzina chija chinanditengera miyezi kuti chichoke.

Vuto lalikulu lili pamenepa: mfuti yopweteka dzanja munthu sapita nayo kukayeserera. Imangogona m'kabati, ndipo tsiku la mavuto mwini wake amaigwira ngati mlendo.

Ndikanakhala inu ndikanayang'ana za msinkhu wapakati za 9mm. Glock 19 ya ku Austria ilipo kuyambira 1988, imalowa zipolopolo 15, ndipo magazini ake (mosungira zipolopolo mu mfuti), zipangizo zake ndi ma holster ake (zikwama zomangirira mfuti m'chiuno) simuyenda mtunda kuzisaka. CZ P-10 C ya ku Czech Republic nayonso imalowa 15, ndipo ena amati chogwirira chake chimakhala bwino m'dzanja kuposa cha Glock. Palinso Smith & Wesson M&P9. CZ 75 yachitsulo ija imawombera mofatsa kwambiri, koma imalemera pafupifupi kilogalamu imodzi, ndipo kukhala nayo m'chiuno tsiku lonse pa makina osokera si masewera. Ndikukakamira 9mm chifukwa zipolopolo zake zili m'sitolo iliyonse ya mfuti ndipo mtengo wake umalola munthu kuyeserera. Zipolopolo zokulirapo za .40 ndi .45 asiyireni okonda mikangano.

Volovolo sindikuinyoza. Ya mpope wa mainchesi 4 ndi yosavuta kuimvetsa ndipo sikankha ngati kaja. Kungoti trigger yake, kachitsulo kokoka ndi chala powombera, ndi yolimba, imafuna chala champhamvu.

Mayina ndatchulawa asakulamulireni. Ma range ambiri amabwereketsa mfuti zoti muwombere pomwepo mphunzitsi ali pambali. Yambani ndi ya .22 LR, yomwe simakankha kwenikweni, kuti khutu ndi mtima zizolowere. Kenako pemphani za 9mm zitatu, iliyonse muwombere zipolopolo 20 kapena 30. Onani ngati chala chikufika pa trigger popanda kupotoza dzanja, ngati mukutha kukoka slide nokha, ngati chala chachikulu chikufika pa batani lotulutsira magazini. Slide ikakukanikani musafulumire kunena kuti mulibe mphamvu: igwireni ndi chikhatho chonse pafupi ndi chifuwa, n'kukankha mfutiyo kutsogolo ndi dzanja linalo. Ndipo mupite ndi mphunzitsi weniweni. Alamu anu aja odziwa zonse atsale kunyumba.

Powerengera ndalama musaiwale sefu. Lamulo limafuna yovomerezeka, yomangiriridwa kukhoma kapena pansi, ndipo apolisi amafuna umboni woti ilipo. Ngati pakhomo pali ana, kiyi asakhale pansi pa pilo, ana amadziwa malo onse amene ife timabisa zinthu. Onjezani zotseka m'makutu, magalasi, zipolopolo zoyeserera, ndi holster yolimba yophimba trigger. Poyenda pagulu mfuti iyenera kukhala yobisika yonse, ndi lamulo. Za m'chikwama zija sindikugwirizana nazo: mbava ya mumsewu choyamba kutsomphola ndi chikwamacho, ndiye mwaipatsa ndi mfuti yomwe.

Pali china chimene aphunzitsi akakuuzeni, koma ndichinene pano poti mwatchula za akuba. Mfuti yodzitetezera ndi yotchinjirizira moyo, wanu kapena wa munthu wina, pamene uli pa chiopsezo nthawi yomweyo. Munthu amene akuthawa atasenza makina anu osokera simungamuwombere kumsana, ngakhale mtima utawawa bwanji. Mukatero, woimbidwa mlandu ndinu. Choncho maloko, zitsulo za m'mawindo ndi alamu ya pa shopu musazisiye poti mfuti ikubwera.

Laisensi ikatuluka lembani penapake tsiku lotha ntchito, chifukwa pempho lowonjezera liyenera kulowa kutatsala masiku osachepera 90. Ndipo Disembala ikafika, mukamakweza katundu wopita kumudzi, mfutiyo itsale mu sefu. Laisensi yanu ndi ya South Africa yokha, pa Beitbridge kapena pa Mwanza ilibe mawu.