Ku Egypt dziko linkalengedwanso m'mawa uliwonse

Achimwene imelo yanu ndaiona. Mwafunsa ngati nthano za anthu akale a ku Egypt zonena za chiyambi cha dziko zinali zongochezera madzulo kapena zinkasinthadi mmene anthuwo ankaonera moyo. Zinkasinthadi, kwambirinso, ndipo nkhani yake ikuyambira pa madzi.

Iwo ankati pachiyambi kunali madzi okhaokha, amdima, opanda gombe, dzina lake Nun. Kenako m'madzimo munatumphuka kachulu, pamwamba pake panaima mulungu Atum, atero ansembe a mumzinda wa Heliopolis. Atum anatulutsa Shu ndi Tefnut, awawa anabereka Geb yemwe ndi nthaka ndi Nut yemwe ndi thambo, mpaka kudzafika kwa Osiris, Isis, Seth ndi Nephthys, yonse pamodzi milungu 9. Tsono mlimi wa kumeneko zimenezi ankaziona ndi maso ake chaka chilichonse. Mtsinje wa Nile unkasefukira kuyambira cha mu July, minda yonse kumira, ndiye pofika October madzi akamaphwera zoyamba kuonekera zinali zitunda zamatope akuda achonde, nchifukwa chake dziko lawolo ankalitcha Kemet, nthaka yakuda. Amene munalimapo dimba ku Nsanje madzi a Shire ataphwera fungo la matope amenewo mukulidziwa.

Chimene chimandigwira mtima ineyo nchakuti kwa iwo kulenga sikunathe ayi. Madzi a Nun sanaume, anangokankhidwira pambali ndipo akuzingabe dziko mbali zonse. Usiku uliwonse Ra, mulungu wa dzuwa, ankadutsa kunsi kwa dziko pa bwato, chinjoka chotchedwa Apep chikumudikirira kuti chiimitse ulendowo, ndiye kukacha bwino ndiye kuti dziko lapulumukanso. Ansembe a pa kachisi wamkulu wa ku Karnak sankangokhala kudikira, ankaumba Apep ndi phula nkumulavulira, kumuponda, kumutentha pamoto, kuthandizira kuti dzuwa lituluke. Ngakhale akachisi awo ankamangidwa motsatira nkhani yomweyi, ukamalowa mkati pansi pankakwera pang'onopang'ono, denga likutsika, mdima ukuchuluka, zipilala zooneka ngati gumbwa wa m'dambo, mpaka kukafika pa chipinda cha mulungu chomwe chinkaimira kachulu kaja.

Apa ndi pomwe pakubwera Maat, mawu amodzi koma onyamula chilungamo, choonadi ndi dongosolo la zinthu zonse. Ntchito yaikulu ya mfumu inali kusunga Maat kuti chisokonezo, chomwe ankati Isfet, chisabwerere. Koma si mfumu yokha. Munthu wamba akamwalira ankayenera kukanena pamaso pa Osiris, mulungu woweruza akufa, kuti sindinabe, sindinabere anthu pa sikelo, sindinatsekere anzanga madzi pa nyengo yake, kenako mtima wake unkayezedwa pa sikelo ndi nthenga yoimira Maat. Taonani pamenepo, kubera munthu pamsika kunali mlandu wokhudza dziko lonse lathunthu.

Za mtimazi zikugwirizananso ndi nthano ina ya mumzinda wakale wa Memphis, yolembedwa pa mwala wa mfumu Shabaka cha m'ma 700 BC, pano uli ku British Museum ku London. Imeneyo imati mulungu Ptah analenga zinthu poziganiza mumtima nkuzitchula ndi lilime. Kwa iwo nzeru zinkakhala mumtima, ndiye pokonza mtembo ubongo ankatha kuuchotsa kudzera m'mphuno nkutaya, koma mtima ankausiya m'chifuwa kuti mwiniwake akafike nawo pa sikelo paja.