Ndiyambe masters kapena ndilembe kaye ACCA?

Mmodzi wa owerenga wanditumizira imelo. Akumaliza digiri yoyamba ya Accounting, ndipo akufuna kudziwa ngati masters ingawapangitse kukhala akauntanti wovomerezeka, kapena ngati mayeso a ACCA (Association of Chartered Certified Accountants, bungwe la akauntanti lochokera ku UK) ndi ofunikabe.

Akulu, masters siingakupatseni dzina limenelo. Digiri imachokera ku yunivesite, pomwe kuvomerezeka kumachokera ku bungwe loyang'anira ntchitoyi, ndipo bungwe lililonse lili ndi zofuna zakezake.

Titenge ACCA yomwe mwatchulayo. Pakadali pano mayeso ake alipo 13: atatu a Applied Knowledge, 6 a Applied Skills, ndi anayi a Strategic Professional. Pamwamba pake pamafunika kosi ya Ethics and Professional Skills, komanso miyezi 36 ya ntchito yeniyeni, yomwe wokuyang'anirani ayenera kuisainira. Ngati digiri yanu ACCA imaizindikira, akhoza kukuchotserani mapepala mpaka 9. Anayi omalizawo sachotsera aliyense, ngakhale mutabwera ndi PhD. Dziwaninso kuti pepala lililonse lomwe akuchotserani mumalilipirabe. Ndipo musathamangire kulandira zonse ngati phunziro lina munangodutsa mwamwayi. Munthu wodumpha Financial Reporting asanaimvetse amakapeza mavuto pa Strategic Business Reporting, chifukwa pepalalo limayambira pomwe linzakelo lidalekezera.

Nkhani yoti masters njofunika imachokera kwambiri ku America. Kumeneko laisensi ya CPA (Certified Public Accountant, akauntanti wovomerezeka) imaperekedwa ndi boma la dera lililonse, ndipo kwa zaka zambiri madera ambiri akhala akufuna ma credit hours 150 (muyeso wa kuchuluka kwa maphunziro a ukachenjede), pomwe digiri yoyamba imakhala ndi 120. Ambiri amakwaniritsa 30 otsalawo ndi masters. Madera ena ayamba kulola 120 ngati munthu wagwira ntchito zaka ziwiri. Ngati simukulinga ku CPA ya ku America, lamuloli silikukhudzani.

Ine ndinganene kuti pezani ntchito kaye, ngakhale ikhale yaing'ono mu ofesi ya ma audit, n'kumalemba mayeso mukugwira. Miyezi 36 ija siiwerengedwa muli pa desiki m'kalasi. Mnzanu amene wayamba ntchito lero akhoza kudzakhala membala wa ACCA inu mukadawerengabe miyezi, masters yanu ili m'manja. N'zotopetsa ndithu, kuweruka madzulo n'kukatsegulanso buku la Taxation, koma zomwe mukuwerengazo mumakumana nazo m'mawa pa ntchito, ndiye zimalowa msanga.

Masters ili ndi nthawi yake. Ngati mtima wanu uli pa kuphunzitsa ku yunivesite kapena kufika pa PhD, simungaithawe. Imathandizanso mukafuna kuzama pa gawo limodzi, monga misonkho kapena kayendetsedwe ka chuma. MBA (masters ya kayendetsedwe ka bizinesi) yabwino nthawi zambiri imafuna munthu woti wagwirapo kale ntchito zaka zingapo. Komanso University of London ili ndi MSc in Professional Accountancy yomwe omaliza mayeso a ACCA amaichita mwachidule, popeza zina amakhala atazilemba kale.

Musanalipire kalikonse, lowani pa webusaiti ya ACCA muone mapepala omwe digiri yanu ingakuchotsereni. Funsaninso bungwe la akauntanti la dziko lomwe mukufuna kukagwirako ntchito, chifukwa kusainira ripoti la audit kumafuna satifiketi ina yapadera, kuwonjezera pa umembala.