Kodi nkhanza ndi pokhapokha magazi atatuluka?

Mayi a ku Ulónguè ku Mozambique, mwalemba kuti amuna anu anakulandani ndalama za mbatatesi pamodzi ndi bilhete (chitupa chanu cha unzika), amakuletsani kukaona abale, ndipo dzana anakukanyangani pakhosi. Wapolisi anakubwezani, akuti poti palibe bala, kakambiraneni ndi ankhoswe.

Wapolisiyo analakwa, ndipo zimandinyansa kuti mayankho otere akumvekabe. Lamulo nambala 29/2009, loletsa nkhanza za m'banja zochitira amayi, silidikira magazi. Kukankha ndi kukanyanga ndi nkhanza. Kuopseza, kunyoza, kukakamiza kugonana ngakhale m'banja, kulanda kapena kuwononga katundu ndi zikalata zanu, kukutsekerani pakhomo kuti musaonane ndi anthu, zonsezi lamuloli limaziwerenga ngati milandu. Mlandu wake ndi wa boma: aliyense angathe kukanena, ndipo ankhoswe, mfumu kapena khoti la m'mudzi alibe mphamvu youthetsa.

Pamene milandu yotere imafera ndi pa umboni wa kuchipatala. Munthu amayamba kwa ankhoswe, iwo n'kuika tsiku Loweruka, kenaka Loweruka linalo chifukwa malume ali kumunda. Pofika kuchipatala kutupa kwaphwa, zikande zapola, dokotala alibe choti alembe. Kukhoti kumangotsala mawu anu ndi mawu awo, ndipo abale omwe anakuchedwetsani aja amati sanaone kanthu. Choncho pitani lero. Pemphani guia (kalata yokutumizani kuchipatala) kupolisi, mupite nayo kuchipatala. Akakukanizani, pitanibe kuchipatala, munene mosabisa amene anakuchitani, tsiku ndi nthawi, ndipo muone kuti zalembedwa. Musanene kuti munagwa; bodza limenelo likalowa m'kaundula limadzakutsutsani pamaso pa woweruza. Nenani ngati mawu asasa kapena mukuvutika kumeza, chifukwa kukanyanga kumavulaza mkati ngakhale khungu lili bwino.

Kupolisi musathere pa kauntala. Funsani Gabinete, ofesi yoona za mabanja ndi ana ochitiridwa nkhanza, dandaulo lilembedwe, akuwerengereni musanasaine, mutenge nambala ya mlandu. Tchulani zonse, kuchuluka kwa ndalama ndi bilhete yemwe. Akazengereza, pitani ku Procuradoria (ofesi ya oimba milandu) ya m'boma lanu. IPAJ, bungwe la boma lopereka thandizo la zamalamulo, imathandiza osowa ndalama ya loya. Jambulani pakhosipo, sungani mauthenga a pafoni kwa munthu wodalirika.

Sindingalonjeze kuti amangidwa; zimadalira umboni, ndipo pa kuvulala kochepa khoti likhoza kupereka ntchito yothandiza anthu m'malo mwa ndende. Ngati mukuopa kugona m'nyumbamo, nenani pomwepo, mupemphe kuti khoti liwalamule kukhala kutali nanu.