Chipilala cha Lysicrates ku Athens: anapambana ndani kwenikweni?

Owerenga wina wafunsa pa imelo kuti: "Kachipilala kozungulira ka ku Athens, kotchedwa ka Lysicrates, akuti ndi kokumbukira mpikisano wa zisudzo. Kodi Lysicrates ndiye analemba sewerolo?"

Ayi, bwana. Lysicrates sanalembe kanthu ndipo sanaimbe nawo. Iye ndi amene anatulutsa ndalama. Ku Athens wakale, m'dziko la Greece, boma linkasankha munthu wachuma kuti alipirire kwaya ya fuko lake pa chikondwerero cha mulungu Dionysus: mphunzitsi, zovala, chakudya cha oimba ndi malo oyeserera. Mpikisano umenewu sunali wa sewero koma wa kwaya za anyamata, 50 pa kwaya iliyonse, mafuko 10 a mzindawo akupikisana.

Mawu ozokotedwa pachipilalacho akutchula onse: fuko la Akamantis linapambana, Theon ankaimba chitoliro, Lysiades anaphunzitsa kwayayo, ndipo mtsogoleri wa mzinda anali Euainetos. Dzina lomalizali ndi limene limatipatsa chaka, 335/334 B.C., chifukwa ku Athens chaka chinkadziwika ndi dzina la mtsogoleri wa chakacho.

Mphoto inali mphika wamkuwa wa miyendo itatu, ndipo wolipirayo ankayenera kuumangira poukhazika ndi ndalama zakenso. Choncho chipilala chonsecho, chotalika mamita pafupifupi 10, ndi chokhazikirapo mphika basi. Anthu amasokonezeka poyang'ana khomo. Palibe, chifukwa sichinamangidwe kuti munthu alowemo.

Pansi pali maziko a mbali zinayi. Pamwamba pake pali nsanamira 6 za nsangalabwi, zamtundu wa Corinthian wokhala ndi masamba osemedwa kumutu, ndipo mipata yake inatsekedwa ndi miyala yokhota. Akatswiri amati aka n'koyamba kodziwika kuika nsanamira zamtunduwu kunja kwa nyumba. Kuzungulira pamwamba anasemapo Dionysus akusandutsa achifwamba a panyanja kukhala nyama za m'nyanja zotchedwa ma dolphin. Denga ndi mwala umodzi, ndipo pansonga pake ndi pamene panakhala mphika uja. Unasowa kalekale.

Msewu wonse umene chinamangidwapo, wotchedwa Street of the Tripods (msewu wa miphika ya miyendo itatu), unali ndi zipilala zoterezi, koma chatsala choimirira ndi ichi. Chinapulumuka chifukwa ansembe achifalansa a chipani cha Capuchin anachigula mu 1669 n'kuchiphatikiza ndi nyumba yawo. Iwowa ndiwo anachotsako mwala wina n'kumasungamo mabuku. Nyumbayo inapsa pa nkhondo ya Agiriki yomenyera ufulu, ndipo Afalansa anakonza chipilalacho pakati pa 1876 ndi 1887. Chili m'dera la Plaka ku Athens, mmunsi mwa phiri la Acropolis, ndipo mumachiona muli pamsewu osalipira.