Chifukwa chake mpira wanu ukusiya mkukuluzi mu p5.js

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake mpira umene mwajambula mu p5.js (chida cholembera mapulogalamu ojambula zithunzi pa kompyuta) ukusiya mkukuluzi. Mu pulogalamu yanuyo, chotsani background() mu setup() mukaiike ngati mzere woyamba mu draw(). Mkukuluzi umene mpira wanu ukusiya poyenda utha pompo.

Nkhani yake ndi iyi: setup() imagwira ntchito kamodzi kokha poyamba, pomwe draw() imabwerezedwa pafupifupi ka 60 pa sekondi. Mpirawo sukuyenda ayi. Kompyuta ikungojambula wina pambali pang'ono, ndipo wakale ukapanda kufufutidwa umatsala pomwepo. Ntchito ya background() ndi kupaka chinsalu chonse (malo ojambulapo) mwatsopano.

Inenso ndinavutika nazo tsiku lathunthu m'kalasi yanga yoyamba. Ndinkati mwina mouseX ndi mouseY (zosonyeza pamene pali mouse) ndazilemba molakwika, koma vuto linali mzere umodziwo basi. Chodabwitsa, pambuyo pake mkukuluziwo ndinayamba kuukonda. Yesani background(0, 20). Nambala yachiwiriyo imachititsa kuti utoto ukhale woonekera mkati, ndiye zakale zimazilala pang'onopang'ono ngati mchira wa nyenyezi.

Samalaninso ndi x, nambala yosonyeza pamene pali mpira: mukalemba let x = 0 mkati mwa draw(), mpira ungoima chilili chifukwa ukubwezedwa poyambira nthawi zonse. Mzerewo ukhale pamwamba, kunja kwa setup() ndi draw().

Ngati zikukanabe, aonetseni aphunzitsi anu pulogalamu yonseyo. Ndipo mukafuna mitundu yophethira, isapyole katatu pa sekondi, poti kuphethira kotere kumatha kugwetsa anthu ena odwala khunyu. Ngati inuyo mumamva chizungulire mukamayang'ana zoterezi, yambani mwaonana ndi dokotala.